Chenjezo kwa inu otola akamba kuthengo

Makolo anzanga, khalidwe lotola kamba kumunda n'kukamutsekera pakhomo kuti ana aziseweretsa lanyanya. Ena mpaka mukumuboola chigoba ndi msomali wamoto, n'kumangapo waya kuti asathawe. Kodi chifundo chinapita kuti?

Chigoba chija ndi mafupa ake. Nthiti ndi msana zinalumikizana momwemo, muli magazi ndi mitsempha. Mukamaboola amamva ululu, kungoti salira.

Akale adati kamba amanyerera womutola, ndipo adaona bwino. Zimene amatulutsa akachita mantha zija ndi madzi amene anasunga m'thupi kuti apyole nawo chilimwe. Mukamutola mu Okutobala, dziko lili gwa, mwamutayitsa madzi oti sawapezanso msanga.

Nanga kasungidwe kake? Thupi la kamba silidzifunditsa lokha ngati la nkhuku kapena galu. Ayenera kuwothera dzuwa kuti chakudya chigayike ndiponso kuti mafupa alimbe, dzuwa likakula athawire pamthunzi. Inu mwamuika m'ndowa kuseri kwa chitseko, mukumuponyera mkute wa nsima, pomwe iye amadya udzu ndi masamba. Chigoba chimayamba kufewa, maso amatupa, amasiya kudya. Kamba safa msanga, ndiye miyezi imatha inu mukuti ali bwinobwino. Nyama yoti ikanatha zaka 50 kuthengo ikufera m'ndowa!

Ngati za kamba sizikukukhudzani, ganizirani mwana wanu. Akamba, abuluzi ndi njoka amakhala ndi tizilombo ta salmonella m'matumbo ngakhale akuoneka athanzi. Mwana amugwira, chala chilowa mkamwa, mawa kutsekula m'mimba ndi kutentha thupi. Ana osakwana zaka 5 ndiwo amavutika kwambiri. Ku America adaletsa kugulitsa tiakamba tochepera masentimita 10 mu 1975 chifukwa cha matenda omwewa.

Dziwaninso kuti lamulo la nyama zakuthengo kuno ku Malawi lidakhwimitsidwa mu 2017. Kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu.

Amene muli naye kale, musakamutaye paliponse, angakapatsire matenda anzake. Dziwitsani a nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo ya Parks and Wildlife kapena a kumalo osamalira nyama a Lilongwe Wildlife Centre, ndipo aliyense womugwira azisamba m'manja ndi sopo. Mukamupeza pamsewu, muwolotseni modekha kumene amalowera, mumusiye.