Agogo anagwira pakamwa n'kunena kuti "gobsmacked"

Chingerezi ndinakhoza bwino pa MSCE, koma liwu loti gobsmacked sindinalimvepo m'kalasi ngakhale kamodzi. Tsiku limene ndinalimva koyamba, mtima unagunda mpaka manja kunjenjemera.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds, ku England. M'mawa wina ndikuwapesa tsitsi agogo ena a zaka zoposa 90, anandifunsa kwathu. Ndinati ku Malawi, mumzinda wa Blantyre. Anatembenuka mwamphamvu mpaka chipeso chinagwa pansi. Iwo anakulira kufupi ndi Blantyre wa ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Ali mwana ankamva ku Sande sukulu za Blantyre wina wa ku Nyasaland, koma moyo wawo wonse anali asanakumanepo ndi munthu wochokera kumeneko. Anandiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa, kenako anati, "I'm gobsmacked."

Ine liwu loti smack ndinkalidziwa, ndi kumenya mbama. Pantchito yathu ino wokalamba akangotchula za kumenyedwa, nkhani imakula, amafufuza, ndipo ntchito imatha kukuthera pomwepo. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo n'kufunsa kuti, "Agogo, ndakupwetekani?" Anapukusa mutu, maso atadzaza misozi yachimwemwe. Mnzanga wa konkuno ndi amene anandimasulira pa nthawi ya tiyi.

Gob ndi liwu la mumsewu lotanthauza kamwa. Smacked ndi kumenyedwa. Ukawaphatikiza, ndi munthu amene wadabwa ngati wapatsidwa mbama pakamwa, mawu onse n'kumuthawa. Ena amati chithunzi chake ndi cha munthu amene wadzigwira yekha pakamwa chifukwa chodabwa, ndipo ine ndimakonda kumasulira kumeneku chifukwa ndi zimene ndinaona ndi maso anga. Ndi zimenenso amachita amayi anga ku Ndirande akamva nkhani yoimitsa mutu. Liwuli ndi la ku Britain, limamveka kwambiri kumpoto kwa England kuno, ndipo linafalikira m'nyuzi ndi pa TV m'zaka za m'ma 1980. Amene mukukumbukira Susan Boyle, mayi wa ku Scotland uja amene anadabwitsa anthu ndi kuimba kwake pa mpikisano wa pa TV wa Britain's Got Talent mu 2009 ali ndi zaka 47, atolankhani atamufunsa mmene akumvera kuti dziko lonse likukamba za iye, anayankha ndi liwu lomweli.

Ndalemba izi chifukwa ndaona achinyamata ena kumudzi akuyamba kulikonda liwuli pa Facebook, ndipo ndikufuna alitenge pamodzi ndi malo ake. Ndi liwu la pocheza. Osaliika m'kalata yofunsira ntchito, osaliika m'mayeso. Gob payekha ndi wachipongwe, ukamuuza munthu kuti atseke gob yake wamunyoza zenizeni. Ndipo chonde, abale, osalibweretsa pamaliro. Ndinaonapo wina atalemba gobsmacked pansi pa uthenga wa imfa, ali ndi mtima wabwino ndithu, koma kwa eni chiyankhulo zimamveka zopepuka, ngati ukukamba za chigoli cha mphindi yomaliza. Liwuli limakhala bwino pamene mwana amene aliyense anamutaya wakhoza mayeso, pamene waona mtengo wa lendi ku London, pamene m'bale amene unkaganiza kuti ali ku Johannesburg wagogoda pakhomo pako.

Azungu ali nawonso mawu ena a kudabwa. Flabbergasted ndi lakale, linayamba kulembedwa m'zaka za m'ma 1770, ndipo limamveka mwanthabwala pang'ono. Dumbfounded ndi lolemekezeka, ungathe kuliika m'kalata, ndipo dumb amene ali koyambirirayo poyamba ankatanthauza munthu wosatha kuyankhula.

Koma chimene chimandiwawa n'chakuti ife tikamamasulira mawu onsewa timangoti kudabwa, ngati kuti Chichewa chilibe china. Chili nacho, ndipo n'chokoma kuposa. Kudabwa ndi kwa tsiku ndi tsiku, umadabwa mtengo wa tomato n'kupitiriza ulendo. Koma munthu akati, "Ndinangoti kakasi," waima chilili, wasowa chonena, wasowanso pogwira. Akati, "Kukamwa kunangoti yasa," ukumuona nkhope yake yonse. Pali kuzizwa, kumene timasungira zinthu zazikulu, zangati zozizwitsa za m'Baibulo. Pali kuthedwa nzeru, pamene kudabwako kwasakanikirana ndi vuto. Masiku ano mnzako akamva chilichonse, kaya chachikulu kaya chaching'ono, amangolemba kuti ali shocked. Azungu amanyadira gobsmacked wawo chifukwa amaonetsa thupi la munthu wodabwayo, pamene ife kakasi tikumusiya kwa agogo akumudzi ngati ndi wachikale. Ana anga akukulira kuno, ndipo ndimayesetsa kuti akamamva gobsmacked kusukulu, kunyumba azimva kakasi.

Mawa lake ndinabwerera kuchipinda cha agogo aja ndi foni yanga. Ndinawauza kuti mishoni ya Blantyre wathu inayamba mu 1876 ndi a Church of Scotland, kenako ndinawaonetsa chithunzi cha tchalitchi cha St Michael and All Angels, chija cha njerwa zofiira chimene chinatha kumangidwa mu 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo zomangamanga. Ndinawauzanso kuti ndinabatizidwira momwemo.

Anavala magalasi awo, nagwira foni ndi manja awiri. Tiyi wawo anazizira pambali. Ulendo uno ngakhale gobsmacked yemweyo sanatuluke, ndipo ine ndinangokhala pamphepete pa bedi kudikira kuti andibwezere foni.