Nkhani za IT pa bizinesi: ku Joni ndi ku Zambia loya amalowa msanga, ife timadikira samoni

Amene muli ndi bizinesi yosunga maina, manambala a foni ndi ma ID a makasitomala, kaya ndi ka kiliniki, sukulu ya pulaiveti, kampani yobwereketsa ndalama olo shopu ya pa intaneti, tamvani izi. Kwathu kuno chilichonse chokhudza kompyuta timangoti "aona mnyamata wa IT", loya timamukumbuka samoni ikafika pakhomo. Anzathu oyandikana nawo sakuchita choncho, ngakhale si zonse zawo zomwe ine ndingatengere.

Ku South Africa kuli lamulo loteteza data ya anthu (maina, manambala a foni, ma ID ndi zina zotero) lomwe amati POPIA. Linapangidwa 2013 koma linayamba kuluma zenizeni pa 1 July 2021, ndipo chindapusa chake chimafika R10 miliyoni. Amene amaliyang'anira ndi a Information Regulator, ndipo saona nkhope, mu July 2023 analamula unduna wa zachilungamo weniweniwo kuti ulipire R5 miliyoni. Nkhani yake inali yoti ma hacker anawabowola mu 2021 ma laisensi a antivirus atatha kale, kenako atauzidwa kuti akonze sanaonetse kuti akonza. Ndiye wamalonda wamba akamva kuti boma lomwe lalamulidwa kulipira chindapusa, mukuganiza kuti angagone tulo? Chomwe chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti lamuloli limafuna kontirakiti yolembedwa ngati wapatsa kampani ina ntchito yokusungira data, ndipo zikatayika amene amayankha ndi mkulu wa bizinesiyo, palibe zoti ayi ine za makompyuta sindizitsata. N'chifukwa chake kumeneko loya amawerenga mapepala system isanagulidwe n'komwe. Zimadya ndalama inde, abale athu omwe ali ndi timabizinesi ku Johannesburg amadandaula, koma zimateteza.

Zambia ndiye inabwera ndi mkono wolemera. Data Protection Act yawo ya 2021 imafuna kuti osunga data ya anthu alembetse ku ofesi ya Data Protection Commissioner, data ikatayika unene pasanathe maola 24, komanso imakakamira kuti data ya anthu izikhala pa server (kompyuta yosungira data) ya mkati mwa dzikolo pokhapokha pakhale chilolezo. Apa ndi pomwe ambiri odutsa pa boda ya Mwami sakudziwa. Watsegula nthambi ku Chipata, makasitomala onse a kumeneko mukuwalemba mu system yomwe ili ku Lilongwe, olo mwangoponya zonse pa Google Drive poti ndi zaulere, mukhoza kukhala kuti mwalakwa kale musakudziwa. Mnyamata wa IT sangakuuzeni zimenezo, iye ntchito yake ndi yoti zinthu zizitseguka basi. Mu April 2025 a ku Zambia anaonjezeranso malamulo atsopano a cyber (a za chitetezo ndi milandu ya pa intaneti) omwe anthu ambiri anawadandaula kuti akupatsa boma mpata wosuzumira mauthenga a anthu, ndipo mbali imeneyo ine ayi, asatipatsire.

Nanga ife? Malamulo alipo, kungoti sitiwawerenga. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imavomereza uthenga ndi siginecha za pakompyuta ngati umboni, kutanthauza kuti zomwe mumalonjezana pa imelo zija zikhoza kukutsatani kukhothi. Mu 2024 kunabwera Data Protection Act, yoyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo data ikatayika mukuyenera kunena pasanathe maola 72. Koma lowani mu ofesi ina iliyonse yobwereketsa ndalama mtauni muone, ma fotokope a ziphaso za NRB ali mu katoni pansi pa tebulo, ena ali mu WhatsApp ya wantchito yemwe anachotsedwa chaka chatha ndipo foniyo anapita nayo. Mawa kasitomala akalandira foni ya akuba aja odziwa dzina lake lonse ndi nambala ya Mpamba olo Airtel Money, mudzayankha kuti chani?

Vuto lalikulu kwathu ndi kontirakiti. Munthu walipira mamiliyoni kuti amupangire website ndi system ya malonda, mgwirizano wake wapakamwa, domain (adiresi ya website pa intaneti) yalembetsedwa m'dzina la wopangayo, password ya admin ali nayo yekha. Mukasemphana pa malipiro, kapena iye akakwera basi ya ku Joni, bizinesi yonse yatsekeredwa panja ngati lendi yemwe landilodi wamusinthira loko. Ndipo musaone ngati izi ndi za ang'onoang'ono okha. Boma lathu linathetsa mgwirizano wa mapasipoti ndi kampani ya Techno Brain mu 2021, kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, Pulezidenti wa nthawi imeneyo Chakwera nauza Nyumba ya Malamulo kuti system yagwidwa ndi anthu ofuna dipo. Funso lomwe linali pakamwa pa aliyense nthawi imeneyo linali loti kodi mwini wake wa system ndi ndani, makiyi ake amasunga ndani, ndipo amenewo ndi mafunso a loya, amayenera kuyankhidwa papepala tsiku losainirana.

Pa mayiko atatuwa ine ndingatenge njira ya ku South Africa, osati chifukwa cha chindapusa chachikulucho koma chizolowezi cholemba zinthu msanga. Wamalonda wa ku Limbe olo ku Area 2 safunika loya wolembedwa ntchito mwezi ndi mwezi, kungolipira kamodzi kuti akuonereni kontirakiti ndi wopanga system: domain ikhale m'dzina la kampani, source code (zolemba zomwe zimapanga pulogalamuyo) ndi ya ndani, backup (kope ina ya data yanu) ikusungidwa kuti, system ikagwa Loweruka la kumapeto kwa mwezi akonza pasanathe maola angati, ndipo mukasiyana data yanu akubwezerani bwanji. Ngati mumagulitsanso ku Chipata ndi ku Lusaka, muuzeni loyayo awerengenso la ku Zambia lija musanasankhe komwe server ikhale.