RS200 munkaichemerera ija ili pa miyala ku Biwi, bwerani mudzasonkhe

Ndakwiya ndipo sindibisa ayi. Usiku wathawu cha m'ma 10 koloko foni ikulira, kuyang'ana ndi mng'ono wanga, mawu ofowoka ngati munthu wa malungo, akuti achimwene mungandibwerekeko kangachepe, makaniko akuti injini iyenera kutsitsidwa. Galimoto yake, Toyota Altezza RS200, yogula masabata atatu apitawa. Masabata atatu basi! Ngakhale dzina pa blue book silinasinthidwe koma galimoto ili kale pa miyala ku Biwi, matayala awiri achotsa, boneti ili yasaa ngati ng'ona yothamira dzuwa. Ndiye inu a pa gulu la WhatsApp lija, inu amene munkamuseka mwanayu, muli kuti lero? Ndikufunsa inuyo, muli kuti?

Mwanayu wasunga ndalama zaka zitatu, kudzimana chilichonse, kuchoka ku Area 25 kupita m'tauni pa minibasi tsiku ndi tsiku, nthawi zina nkhomaliro yake chimanga chootcha ndi madzi, zonsezo chifukwa mtima wake unali pa Altezza. Ine sindinamuletse, ndalama ndi zake, komanso galimoto imeneyi ndimaikonda nanenso, imakoka ndi matayala akumbuyo, imagwira msewu bwino, mawotchi a pa dashibodi aja okhala ngati wotchi ya pamkono mpaka lero palibe ina yofanana nayo. Ndalama zitakwana zinapezeka ziwiri, ndipo tinapita limodzi kukaziona tsiku limodzi Loweruka.

Yoyamba Altezza ya mtundu wa AS200, ya 2003, otomatiki, ya siliva. Eni ake bambo ena achikulire opuma pantchito, anaitanitsa okha ku Japan kudzera pa Dar ndi pa Songwe zaka zambiri zapitazo ndipo chiigulireni sinapiteko m'manja mwa munthu wina. Anatitulutsira kope la sukulu, lija la mizere, m'menemo analemba ndi bolopeni tsiku lililonse limene anasintha oilo, mapulagi, lamba wa timing, makilomita ake pambali. Ndinagwada ine ndekha kusuzumira pansi pomwe imagona, simenti youma gwaa, popanda ndi dontho lomwe. Injini inali yozizira, ndinaigwira ndi dzanja, kutembenuza kiyi kamodzi kokha yalira, phokoso losalala moti bambowo ankalankhula nafe osakweza mawu.

Yachiwiri RS200 ya 1999, yakuda, ya manyuwo magiya 6, yotsitsidwa mpaka chibakera osalowa pansi pa bampala, ekizozi kukula ngati chitini cha penti. Wogulitsa ndi dobadoba, dzina la pa blue book ndi la munthu wina amene akuti ali ku Joni, eni ake apakati osadziwika kuti ndi angati. Tikufika injini ili yotentha kale. Aliyense wodziwa galimoto akudziwa chifukwa chimene munthu amatenthetsera injini ogula asanafike. Ndinamuuza mfana wanga kuti ponda moto ine ndiime kumbuyo, utsi wa buluu uwo kuti fuu kumaso kwanga. Labala ya pa pedulo ya kilatchi yatha mpaka chitsulo chikuwala, chiwongolero chosupuka, koma wotchi ikuti makilomita sanakwane 90,000. Ndani angakhulupirire zimenezo? Pobwerera mu minibasi anavomera yekha, anati achimwene ndatenga ya madala aja. Ndinagona mtima uli m'malo.

Kenako anakaponya zithunzi pa gulu paja. Ndaona mauthenga ake, wandionetsa yekha. Akuti AS200 ndi ya agogo. Akuti ndi yopitira ku tchalitchi. Akuti mwamuna weniweni amayendetsa manyuwo, ukagula otomatiki usadzaime nafe pa car wash. Wina mpaka kulemba kuti tsabola wakale sawawa, akulu akowo za galimoto zinawapitirira. Timaemoji toseka mbwee. Lolemba m'mawa mwana uja osandiuza anakapereka ndalama zonse kwa dobadoba.

Tsono ndimvereni bwino chifukwa sindikunena kuti RS200 ndi galimoto yoipa. Ndinayendetsapo yabwinobwino ndipo ndikudziwa chimene mumafera. Injini yake ndi 3S-GE ya masilinda 4, ija ya chivindikiro chakuda imene Toyota anapanga mothandizana ndi a Yamaha, ya manyuwo imatulutsa 210 horsepower, ya otomatiki 200, pomwe AS200 ili ndi 1G-FE ya masilinda 6 yotulutsa 160. Pa pepala palibe mpikisano, ndikuvomera. Koma 210 imeneyo inayezedwa galimoto ili yatsopano ku Japan, ndipo kuti uyipeze singano yoonetsa kuzungulira kwa injini iyenera kufika pa 7,600. Altezza anayamba kupanga mu 1998 n'kusiya mu 2005, kutanthauza kuti ngakhale yomaliza kutuluka mu fakitale ndi nkhalamba ya zaka 20 kapena kuposa. Inu mukuganiza kuti RS200 yodutsa m'manja mwa anyamata asanu, aliyense akuikwapula mpaka singano pa red, aliyense akuthira oilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, yatsala ndi 210? Yatsala ndi dzina lokha pa buti. Mwana wagula dzina. Wagula zilembo ziwiri, R ndi S, ndi ndalama za zaka zitatu.

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Basi nkhani yonse ndi imeneyo.

Galimoto yakale sugula chifukwa cha zimene inali, umagula mmene ilili lero pamaso pako. Pakati pa ziwiri zija yabwino inali imene inasamalidwa, zilembo zake zikhale zotani. Ikanakhala RS200 ndiyo ili ndi kope la madala lija, AS200 ndiyo ikufuka utsi, ine ndemwe ndikanati tenga RS. Koma sizinali choncho ndipo tonse tinaona ndi maso. Inu simunaione galimotoyo, simunagwade pansi pake, simunanunkhize utsi wake, munaona chithunzi cha pa foni chojambulidwa madzulo itangotsukidwa kumene basi n'kuyamba kugamula. Kugamula ndalama za mnzanu! Malangizo aulere, bilu ya ku galaja ya wina.

Ndipo za masipeya munamuuza? Simunamuuze chifukwa ambiri a inu simudziwa n'komwe. 1G-FE ndi injini yomweyo ili mu Mark II, mu Chaser, mu Cresta, ndi yomweyonso ili mu Lexus IS200 imene inkagulitsidwa ku UK ndi ku Joni. Ukayenda m'mashopu a masipeya kapena kwa ophwasula galimoto umaipeza, makaniko wa pansi pa mtengo aliyense anaitsegulapo, ena akhoza kuimanga atatsinzina. Koma 3S-GE ya chivindikiro chakuda ija inaikidwa mu Altezza RS200 mokha. Mokha! Anthu amanamizana kuti aaa ndi 3S yomweyo ya mu Noah yakale ndi RAV4, inde ndi banja limodzi koma mutu wake ndi wina, zam'kati zake ndi zina, ukakakamiza za 3S-FE ya mu Noah ija ndiye kuti ukuipha kawiri. Ndiye chinthu chikafa uyenera kuitanitsa kunja, ndi madola, madola ake ati m'dziko muno? Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 sipeya iliyonse yochokera kunja mtengo wake ndi wolira nawo, ndiye udikirenso masabata kuti ifike, galimoto ili pa miyala, mvula ikuloweramo, ana a m'galaja akudyeramo chips.

Komanso injini imeneyi ku Japan anailembera petulo wa high octane. Ife kuno timathira amene wapezeka tsiku limenelo titagona pa mzere, nthawi zina wa m'zigubu woti sukudziwa asakanizamo chani. Izi munaziganizira? Ayi. Inu mumangodziwa 210, 210, ngati nyimbo.

Ndifunsenso, 7,600 imeneyo akaifikira kuti mu Lilongwe muno? Pa mlatho wa m'tauni 5 koloko madzulo, pomwe wa kabaza amakupitirira uli pa giya wani phazi likunjenjemera pa kilatchi? M'misewu ya m'makwalala mwathumu momwe maenje ake mwana akhoza kusambiramo? Galimoto yotsitsidwa ija sabata yoyamba yomwe inasiya theka la bampala pa hampu, ndinaona ndekha atamanga ndi waya. Munthu amafuna galimoto yoti adzuke m'mawa, alize, apite kuntchito, Loweruka akaone mayi kumudzi ku Dedza, abwereko bwinobwino. AS200 ya madala ija ikanachita zonsezo ndipo ikanamvekabe kukoma, masilinda 6 ali ndi kaphokoso kake kosalala kamene 4 sangakapeze, maonekedwe ndi omwewo, magetsi akumbuyo ndi omwewo, munthu woima m'mbali mwa msewu sangasiyanitse n'komwe. Galimoto ndi imene ikuyenda. Yokhala pa miyala ndi khola la nkhuku, kaya ili ndi zilembo zotani kumbuyo.

Ndikudziwa ena muyankha kuti ndi wamkulu, anasankha yekha, palibe anamugwira dzanja. Zoona, ndipo ndamukalipira mokwanira, misozi inalengeza m'maso. Koma musadzichotsemo. Mnyamata wa zaka za m'ma 20 anzake khumi akamuseka pagulu mukuganiza kuti amva za mkulu wake mmodzi? Manyazi ndi amene anagula galimoto ija, ndipo manyaziwo munamupatsa ndinu. Lero pa gulu paja pali zii. Dzulo analembapo kuti magaye injini yavuta, amene akudziwa kopeza mutu wa 3S-GE andithandize, anthu awerenga, timizere tabuluu tiwiri, palibe wayankha. Uja ankati mwamuna amayendetsa manyuwo uja alibe ngakhale njinga yakapalasa, amakwera za anzake n'kumajambulitsa atatsamira boneti. Mxii.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye nkhonya zake ndi izi zandipeza ine. Ndalama imene ndinasungira feteleza wa mayi ndi imene ndikuiyang'ana tsopano, chifukwa sindingamusiye mwana wa mayi anga akulira galimoto ikuwolera ku galaja, ngongole ya kuntchito imene anaonjezera ikudulidwa mwezi ndi mwezi. Inu munaseka masekondi khumi pa foni, ife banja lonse tilipira mpaka chaka chamawa. Ndipo chondiwawa kwambiri, ndinawaimbira madala aja m'mawa uno kuti mwina mwamwayi ikadalipo, anandiyankha mwaulemu kuti pepani mwanawe inapita Lachitatu lomwelo, anagula mayi ena aphunzitsi. Ikuyenda m'tauni muno pano, mwina inandidutsa ndili pa siteji.

Amene mukufuna kugula Altezza chonde tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, mupite m'mamawa injini isanalizidwe. Ndipo musapusitsidwe ndi mawu oti BEAMS olembedwa pa injini ya RS200, chifukwa ngakhale 1G-FE ya mu AS200 pa chivindikiro pake pamalembedwa BEAMS, ndamvapo madobadoba akuloza pamenepo n'kumati mwaona bwana ndi RS iyi. Werengani masilinda, onani kachitsulo ka chassis, SXE10 ndiye RS200, GXE10 ndiye AS200, baji ya pa buti imagulidwa pa msika n'kumata ndi guluu.

Ndipo madobadoba inu, nkhani yanu ndi ina. Mwadzaza pa Facebook ndi galimoto zoti si zanu, simudziwa mbiri yake, chilichonse mukuti just buy and drive, chilichonse mukuti lady driven ngati amayi onse a m'Malawi muno anagwirizana zogulitsa galimoto mwezi umodzi. Wotchi mukubweza m'mbuyo, oilo mukuthira wokhuthala ngati phala kuti utsi ubisale kwa masiku awiri, nyali ya check engine mukuchotsa babu. Munthu akangolipira nambala yanu siipezekanso. Uja anamugulitsa mng'ono wanga ndamuimbira kasanu lero, koyamba anayankha kuti ali pa maliro, kachiwiri foni yothima, pano ndikuona wandibloka koma pa tsamba lake waponyapo kale Mark X.