Khitchini yanu siyaing'ono ayi, mwangoidzaza ndi "zidzagwira ntchito"

Azimayi anzanga ndiloleni ndiyankhuleko lero, okwiya akwiye basi. Loweruka lapitali ndinatulutsa katundu yense wa mkhitchini nkumuyala pa mkeka panja, chifukwa chake sefa. Sefa yokha basi, madzi a nsima ali pamoto ine ndikufufuza, mpaka ndinapisa dzanja kuseri kwa kabati koma zomwe zinatuluka kumeneko abale inu, mphemvu mtundu wonse, agogo awo ndi zidzukulu zomwe.

Ndinangophula madzi aja nkunena kuti lero ndi lero. Zitini za Blue Band zopanda zivindikiro, zivindikiro zopanda mapoto ake, mabotolo a Sobo osawerengeka, flask yomwe inasweka mkati nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 koma ndimangoisunga ngati idzadzuka, majumbo ali mujumbo imene ilinso mujumbo ina. Mithiko inayi, iwiri yothyoka. Zonsezi ndikafuna kutaya kamtima kamati siya zidzagwira ntchito tsiku lina, ndiye tsiku linalo silifikatu, amene akugwiritsa ntchito ndi makoswe.

Komanso tisamaiwale kuti tikukhala ku Mulanje. Kuno chiperoni chikagwa mu June ndi July masiku atatu anayi dzuwa osalionako, chinyezi chimalowa paliponse, mchere umachita madzi wokha, shuga kuundana, ufa ukaunjikira zinthu pamwamba umayamba kafungo kaja ka chuku. Nandolo wanga theka la thumba ndinamuika pakona pasimenti penipeni nkumuiwala chifukwa kutsogolo kwake kunali zigubu, pomutsegula anankafumbwe amaliza kale ntchito, wangotsala ufa ndi mabowo. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinakolola ndekha ameneyo, ndipo mtengo wa ndiwo pa Chitakale mukuudziwa nokha. Pano thumba lililonse lili pa thabwa lomwe ndasanjika pa njerwa, osagunda khoma, mpweya uzidutsa pansi. Mchere, shuga ndi masamba a tiyi zalowa mzitini zija zomwe zinapezeka ndi zivindikiro zake, zinangokwana zisanu mwa mulu wonse uja.

Koma nkhani imene ndikufuna tikanganepo ndi ya mbale za alendo. Mbale zomwe ndinalandira pa kitchen top-up zili mu display chaka chachinayi tsopano, zina stika ya mtengo ikanali pompo, pomwe ana anga akudyera mbale ya pulasitiki yong'aluka yomwe ndinaimata ndi mpeni wamoto, msuzi kumadontha pa mwendo. Alendo ake ati kodi? Abusa amabwera kamodzi pachaka, nawonso amangomwa tiyi nkumapita. Ndatsitsa mbale zija tikudyera tsiku lililonse, ikasweka yasweka, inagulidwira zimenezo. Abambo akunyumba tsiku loyamba anafunsa kuti kodi kukubwera ndani, ndinati mlendo wake ndinu nomwe, sambani mmanja.

Musandimve molakwa, sindikunena zija timaonera pa TikTok zogula mabotolo ofanana nkumata timapepala tolemba mayina, ndalama yake ndiitenga kuti. Ndipo si chilichonse chakale chomwe ndi chinyalala. Amayi anga nyumba yawo ndi yoyandikana ndi yanga, ataona katundu pabwalo anabwera chothamanga chitenje chili mmanja, "Iwe mwana iwe, wayamba misala? Chimphika icho usachikhudze." Ndinafuna kuwayankha koma ndinaona kuti akunena zoona. Chimphika chimenecho chimagwira ntchito mwina katatu pachaka koma pakagwa maliro pamudzi pano, pa chinkhoswe, kapena tikafuna kuphika kalongonda amene amatha tsiku lathunthu pamoto uku ukutaya madzi nkuthira ena, kapoto ka pa hotplate sikangathe. Mtondo ndi munsi nazonso zatsala, nsinjiro za ku chigayo sindizimva kukoma ine. Kungoti zimenezi malo ake si pamene ndimaponda tsiku ndi tsiku, zapita ku stoo. Pafupi ndi mbaula patsala poto wa nsima, wa ndiwo, mthiko, chipande ndi mpeni, zomwe dzanja limafuna ngakhale magetsi atazima.

Poto mmodzi wobooka ndinapititsa kwa okhoma zidebe anamuika chigamba, enawo anatenga anyamata ogula zitsulo zakutha aja. Mabotolo ndinapatsa mayi wina wogulitsa thobwa, anasangalala ngati ndamupatsa mbuzi. Zigubu ziwiri zong'ambika ndadula ndadzalamo anyezi. Flask ija amayi ananyamula, akuti chikopa chake chikanali chabwino, ndiye yangosamuka nyumba, ili pa kabati pawo pano ikudikira tsiku lina lomwelo.

Sefa ija musafunse. Nditamaliza kubwezeretsa zonse cha mma 4 koloko, nsana ukuwawa, ana adya mbatata mmalo mwa nsima, kamtsikana ka a neba kakubwera nayo mmanja, akuti amayi akuti zikomo anabwereka mwezi watha.