Alamu, munazimitsa filimu imene imanena za inu

Kuyambira Lamlungu mtima wanga ukuwira, ndiye lero ndingolankhula basi. Tinali anthu asanu pabalaza tikuonera Children of Men, ija ya Alfonso Cuarón ya mu 2006. Ine ndinali nditaionera kale katatu, ndimafuna anzangawo aione. Itangofika poti Kee, mtsikana wothawa kwawo uja, wavula malaya m'khola la ng'ombe kuti Theo, bambo amene nkhaniyi ikumutsatira, aone mimba yake, alamu anga anadzuka n'kutola rimoti. Amvekere, "Izi n'za azungu izi. Ife kuno ana ali mbwee, vuto lathu n'loti achulukitsa. Ikani mpira." Anaikadi mpirawo.

Ndinakhala chete chifukwa sindikanakangana nawo pamaso pa achemwali anga. Koma alamu, mawu munanena aja ndi amene filimuyo ikulira nawo kuyambira poyamba mpaka pothera, inu osamva.

Nkhani yake ikuchitika mu 2027 ku Britain. Padziko lonse papita zaka 18 osabadwa mwana ngakhale mmodzi. Chimene chinachititsa filimuyo sinena, ndipo ine sindifuna n'komwe kudziwa. Taonani m'mene yayambira. Anthu adzadza m'sitolo ya khofi ku London, maso onse pa TV, akulira chifukwa munthu wamng'ono pa onse padziko, amene amamutcha Baby Diego, waphedwa ali ndi zaka 18. Ku ofesi kwa Theo nakonso anthu misozi ili chuchuchu pamadesiki. Munthu woti sanamuonepo ndi maso! Ndiyeno Theo akutsika sitima, pambali pake pali zitolokosi za waya, anthu othawa kwawo atawapanikizamo ngati nkhuku zopita kumsika, gogo wina akudandaula m'chilankhulo chakwawo. Palibe wocheuka. Anthu omwe aja amalira mwana wa pa TV akudutsa ngati akudutsa mulu wa zinyalala. Wojambula wake, Emmanuel Lubezki, amachita kumusiya Theo apite, kamera n'kutsalira pa anthu a m'waya aja kuti iwe woonera usathawe.

Mukuti zimenezo n'za azungu?

Mukanadikira mukanaona malo amene ine amandiliza nthawi zonse. Mwana wabadwa usiku m'kachipinda kauve mu Bexhill, tawuni imene boma laisandutsa ndende ya othawa kwawo. M'mawa mwake kwabuka nkhondo, zipolopolo zikuboola makoma, anthu akugwa m'masitepe. Kenako khanda lija lalira. Phokoso lonse zii. Amayi akutambasula manja kuti angokhudza kaphazi kake. Asilikali atsitsa mfuti, ena agwada, ena akuchita chizindikiro cha mtanda, Theo ndi Kee akudutsa pakati pawo. Angofika panja pang'ono, bomba laphulika, ndipo onse abwerera kukaphana ngati sanaone kanthu.

Mwana ameneyo ndi wa mkazi wakuda, wopanda chiphaso, amene asilikali omwewo akanamukankhira m'waya dzulo lake osafunsa dzina. Amugwadira chifukwa chimodzi chokha, chakuti mwanayo ndi yekhayo. Akanakhala ana chikwi m'nyumba imene ija, mfuti sizikanaleka ngakhale mphindi imodzi. Ndiye inu mukamati kuno ana achuluka choncho filimuyi sikutikhudza, mwavomereza nokha kuti mwana mumamuwerengera ngati tomato pamsika, akachuluka mtengo ugwe. Tonsefe timatero. Pamaloboti kamwana kakagogoda pazenera la galimoto, kopanda nsapato, timakweza galasi n'kuyang'ana kutsogolo. Mwana yemweyo atakhala womaliza padziko tikanamunyamula pamutu.

Anthu amati filimuyi ndi yakuda, yomvetsa chisoni, mulibe choseketsa. Inde. Mumafuna musekere chiyani? Miriam, mzamba woperekeza Kee uja, waima m'sukulu ya pulayimale imene inasanduka bwinja, akufotokoza m'mene amayi anayamba kupita padera mmodzimmodzi, mpaka tsiku lina anatsegula buku lolembamo masiku a sikelo n'kupeza masamba a miyezi yakutsogolo ali oyera. Panja Kee wakhala yekha pa katungwe. Ife amene tinakula tikumva phokoso la ana akuweruka kusukulu, amene timadziwa m'mene mudzi umamunenera mkazi wopanda mwana mpaka kumutcha chumba, ndife tiyenera kumva kuwawa kwa malo amenewo kuposa wina aliyense.

Enanso amadandaula kuti mulibe shasha. Theo, amene akuseweredwa ndi Clive Owen, sagwira mfuti filimu yonse. Ndi chidakwa chotopa ndi moyo, mwana wake Dylan anamwalira ndi mliri wa chimfine mu 2008, ndipo poyamba akuthandiza Kee chifukwa cha ndalama. Mbali ina akuthamanga atavala masilipasi. Koma ndi iye yekha amene safuna kumugwiritsa ntchito mwanayo. Gulu lotsogoleredwa ndi munthu wina dzina lake Luke, lomwe limati likumenyera ufulu othawa kwawo, likufuna khandalo likhale mbendera ya nkhondo yawo. Theo akufera m'kabwato pakati pa nkhungu, magazi akutayika, mphamvu zake zomaliza akuphunzitsira Kee kumusisita mwana pamsana kuti ageye. Mwana woti si wake, mayi woti si mbale wake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwo timaudziwa tonse, timaunena pamaliro ndi paukwati, koma munthu ataujambula bwinobwino pa TV yathu ife tikuti tiikeni mpira.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti inuyo alamu munakhalapo ku Joni. Munatiuza nokha m'mene munkalowera m'kanjira kena mukaona galimoto ya apolisi chifukwa masiku a m'pasipoti anali atatha. Anyamata athu angati agonapo ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kuthamangitsidwa? Mu 2008 ndi mu 2015 tinalandira mabasi odzadza ndi abale athu akuthawa kuphedwa, ena atangonyamula jumbo. Nthawi imeneyo tinakwiya dziko lonse, tinkati munthu ndi munthu kaya ali ndi pepala kaya alibe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga mu 2023 ife tinatani? Boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku Dzaleka, anthu anatoledwa m'makomboni a mu Lilongwe, ena kukasungidwa kaye kundende ya Maula, ana ali momwemo. Dzaleka yake ndi malo amene anakonzera anthu 10,000 kapena kuposerapo pang'ono, koma muli anthu opitirira 50,000. Kwathu kuno kunali golosale ya banja lina la ku Burundi, kumene tonse tinkatenga shuga ndi sopo pangongole mwezi ukafika pakati. Ana awo amalankhula Chichewa kuposa ine. Sabata imene anawatenga ndinamva anthu oyandikana nawo akukangana za amene alowe m'golosalemo, ena akusangalala kuti ngongole yafa. Za komwe ana aja anagona usiku umenewo sindinamve wina akufunsa.