Njerwa za makolo athu si zobisa

Lamulungu lapitali ndinapita kumudzi kukamva Misa, ndipo ndinapeza khoma lakutsogolo la tchalitchi cha parishi yathu atalimata pulasitala mpaka pakati. Mtima wanga sunakhale pansi kufikira lero. Nditafunsa, a komiti anandiyankha kuti njerwazo zikuoneka zachikale, choncho akufuna kupakapo penti yowala kuti alendo akabwera asatiseke.

Ndi ndani amene angatiseke chifukwa cha njerwa zimene agogo athu anaumba ndi manja awo? Amayi ankasenza madzi pamutu kuchokera kumtsinje, abambo ankaponda dothi ndi kuliika m'zikombole, achinyamata ankachezera pa uvuni usiku wonse, ndipo palibe amene analandirapo malipiro. Njerwa iliyonse pa khoma lija ndi thukuta la munthu amene ali m'manda kuseri kwa tchalitchicho. Kuimata simenti ndi kumufafaniza munthuyo. Ndikubwerezanso, tikufafaniza makolo athu ndi ndalama za chopereka chathu chomwe.

Tchalitchi chathucho ndi chakale kuposa Dayosizi ya Mangochi, imene inakhazikitsidwa mu 1973 episkopi woyamba ali Ambuye Alessandro Assolari. Kuno n'kumene ansembe a White Fathers anafikira kwa Mponda mu 1889, n'kuchokapo mu 1891 ntchito itakanika, ndiye ife oyenera kusunga mbiri kuposa wina aliyense ndife amene tikuikwirira. Amene anamanga nyumbayi ankadziwa kutentha kwa kunyanja kuno. Anakweza denga, makoma anawamanga ochindikala, mazenera anawapanga ataliatali okhota pamwamba ngati uta, ndipo pansi pa denga anasiya timipata todutsa mphepo, kotero kuti ngakhale mwezi wa Okutobala munthu umapemphera osachita thukuta. Timipatato ena akufuna atseke, ati mumalowa mileme. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndikudziwa kuti khomalo linang'aluka pang'ono ndi mvula. Mng'alu amaukonza, sabisa khoma lonse.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti nkhaniyi sinafike n'komwe m'miphakati. Agogo amene anaona belu lija likukwezedwa pa nsanja alipo, amakhala pa benchi yakutsogolo Lamulungu lililonse, koma palibe anawafunsa. Anangodzidzimuka aona matumba a simenti pakhomo.

Ndipo pamene tikuthamangira penti, mabuku a ubatizo ali m'kabati ya m'sakristiya akudyedwa ndi chiswe. Ndinapempha kuona tsamba limene munalembedwa dzina la mayi anga, ndipo katekisiti atalitsegula, theka la tsambalo linathothoka m'manja mwake.