Eliza Acton ndiye woyenera ulemu umene Mrs Beeton amalandira

Anthu akamakamba za mabuku akale a maphikidwe a ku Britain, dzina limene limatuluka msanga ndi la Mrs Beeton. Ine ndikuona kuti ulemuwu unasokera. Mwini wake ndi Eliza Acton.

Mayiyu anabadwa mu 1799 ku Battle, m'chigawo cha Sussex, koma anakulira ku Ipswich kumene bambo ake, John Acton, ankagwira ntchito yofulula mowa. Eliza anayendetsako sukulu yogonera ya atsikana kufupi ndi Ipswich, ndipo mu 1826 anatulutsa buku la ndakatulo. Chaka chotsatira ngongole zinawapanikiza bambowo mpaka anathawira ku France. Eliza sanakwatiwe. Buku lake lalikulu, Modern Cookery for Private Families, analilemba akukhala ku Tonbridge, ndipo kampani ya Longman inalisindikiza mu 1845.

Nthawi imeneyo olemba ambiri ankangoti thirani ufa wokwanira, phikani mpaka zipse. Wokwanira ndi wochuluka bwanji? Wodziwa kale kuphika sankavutika, koma wophunzira ankawononga ufa ndi mazira. Acton anayamba kulemba pansi pa njira iliyonse mndandanda wa zofunika, muyeso wa chilichonse, ndi nthawi imene chakudyacho chikhale pamoto. Zambiri ankayamba waziphika yekha, ndipo pamene pali povuta ankachenjezeratu. Lero tikatsegula buku la maphikidwe timangoona ngati zinthu zakhala choncho kuyambira kale.

Tengani chitsanzo cha pudini imene anaitcha Poor Author's Pudding, ya mlembi wosauka. Mumatenga mkaka wopitirira pang'ono lita imodzi, n'kuuwiritsa kwa mphindi zochepa ndi kachidutswa ka sinamoni kapena khungu lopyapyala la ndimu. Mumathira kamchere ndi shuga wokwana magalamu 85, kenako mumausiya uzizire. Apa Acton anatsindika kuti uzizireretu, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mazira atatu opuntha amene mukufuna kuthiramo akakumana ndi mkaka wotentha amapsa pomwepo n'kupanga mibulu, ndiye pudini sigwirananso bwino. Mukasakaniza, mumakhuthulira m'mbale yozama yolowa mu uvuni, n'kuyala pamwamba magawo a buledi ochotsa makoko, okhuthala ngati chala, opaka batala mbali zonse ziwiri. Magawowo agundane bwino, pasatsale mpata. Moto ukhale wapakatikati, kwa theka la ola. Mukaukoleza kwambiri kuti zifulumire, mazira amauma n'kulekana ndi mkaka, pansi pa mbale n'kudikha madzi pamene buledi wapserera. Komanso khungu la ndimu musalisende mozama, chifukwa choyera cha mkati chija chimawawitsa mkaka.

Malangizo otere angawatsate ngakhale mwana amene sanaonepo pudini. Apa ndi pamene pagona luso la mayiyu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ntchito yakeyi anthu anayamba kuitola iye akadali moyo. M'buku lokonzedwanso la mu 1855 iye anadandaula poyera kuti alembi ena akukopera maphikidwe ake osamutchula n'komwe. Anamwalira mu 1859 ku Hampstead, ku London, patangopita zaka ziwiri atatulutsa The English Bread Book, momwe anadzudzula ophika buledi wogulitsa chifukwa chothira mankhwala a alum mu ufa kuti buledi aoneke woyera. Ndiye mu 1861 kunatuluka buku la Isabella Beeton, Book of Household Management, lomwe munali maphikidwe ambiri otengedwa kwa Acton popanda dzina lake.

Beeton sindikumunyoza pa zonse ayi. Anali mkonzi waluso, mtsikana wa zaka 25 zokha, ndipo anachita bwino kusamutsa mndandanda wa zofunika kuuika pamwamba, kuti wophika aone zogula asanasonkhe moto. Koma kukonza ndi kwina, kuyesa pamoto ndi kwina. Beeton anamwalira mu 1865 ali ndi zaka 28, ndipo osindikiza anapitiriza kugulitsa dzina lake kwa mibadwo, pamene la Acton linkazimiririka. Amene anadzalidzutsanso ndi alembi a pambuyo pake monga Elizabeth David ndi Delia Smith, anthu amene nawonso ankayesa kaye chakudya m'khitchini asanachilembe.